Dzanja la a Tursunboy

Tandiyankhani inu odziwa kuwerenga, poti ine sukulu ndinangoinunkhiza pakhomo. Ndi chiyani ichi: mafupa ake ali kumimba, kumsana kulibe. Chikagona chafufumimba chimabereka mudzi wonse osadandaula, koma chikagona chagada chimathyoka ndi munthu mmodzi. Mwakanika? Musachite manyazi. Pali bambo wina wa ndevu zake amene anakanikanso, ndipo iye yankho analipeza ali m'madzi olekeza m'chiuno.

Zulayho anali mayi wamasiye wa m'mudzi mwathu, kuseri kwa Margilan, kumene ngalande yaikulu imadutsa pamaso pa mageti onse. Mwana wake anali mmodzi yekha, Behruz, ndipo ankagwira ntchito ku Rasha. Mkazi anali atamupezera kale, ukwati unali woti uchitike thonje likatha kutoledwa. Koma mayi a mtsikanayo, a Gulchehra, anali atanenetsa chinthu chimodzi: mwana wawo sadzagona pamodzi ndi matumba a ufa. Akufuna chipinda chakechake, chokwana bokosi lake lalikulu ndi mulu wa zofunda zathonje umene akhala akumusokera chibadwire. Chipinda chikapanda kuoneka, anatero akumwetulira, kuli mnyamata wina ku Kokand amene bambo ake ali ndi nyumba ya makhonde awiri.

Pabwalo pa Zulayho panalibe poponda. Uku mphesa, uku khola la ng'ombe, uku uvuni wa buledi. Malo otsala anali m'mwamba, pamwamba pa mpata wa geti, pomwe ambiri kwathu amakweza chipinda. Zipupa ziwiri za njerwa zinalipo kale, ngolo imadutsa pakati. Chosowa chinali mitanda yoti igone pa zipupazo, isenze matabwa, bokosi lija, ndi anthu awiri ongokwatirana kumene, amene mukudziwa nokha kuti sakhala phee.

Anaitana Usta Normat, mmisiri woumba mitanda ya konkire. Iye anagogoda zipupazo, nakanda m'khosi.

"Opa," anatero, kumuitana monga timaitanira achemwali aakulu, "apa sitiikapo miyala ya kumtsinje. Nthaka yathuyi mukuidziwa, ikafuna imadzigwedeza ngati galu wonyowa. Katundu wolemera m'mwamba ndi amene amagwetsa zipupa. Tiumba ndi keramziti, mitanda ipepuke."

Lole itabwera inakhuthula mulu wa timiyala tofiirira, tozungulira, ta dongo lowotcha, mkati mwake timabowo tokhatokha. Fumbi lisanakhazikike, a Tursunboy anali atafika.

A Tursunboy anali mkulu wake wa malemu mwamuna wa Zulayho, ndipo nyumba yawo inagundana ndi yake. Anali munthu woti mimba imayamba kulowa pageti, eni ake n'kubwera pambuyo. Ali anyamata anakakhala ku Siberia zaka zingapo, ndipo chibwerere palibe nkhani imene inkatha osadutsa kumeneko. Mukati kwazizira, iwo amati simunaone kuzizira. Mukati mwana wadwala chimfine, iwo amati ku Siberia chimfine chimagwetsa akavalo. Koma nkhani yawo yapamtima inali ya milatho ya njanji imene ankati anamanga ndi manja awo.

Anatola kamwala kamodzi, nakapima padzanja.

"Normat, ichi n'chiyani? Wabweretsa ndowe za ngamila?"

"Ndi keramziti, aka," anayankha usta, poti kwathu achimwene aakulu timati aka.

"Keramziti!" Anakaponya m'ngalande. Kamwalako sikanamire. Kanangoyandama, kuzungulira kawiri, ulendo wa kumunsi. "Anthu inu, bwerani mudzaone mwala wodziwa kusambira! Ndiye mwana wa mng'ono wanga adzagone pamwamba pa zimenezi? Ife ku Siberia mwala umodzi tinkanyamula anthu atatu, wachinayi akupemphera."

Usta Normat sanakangane nawo. Anathyola kanthambi kouma ka mabulosi, nakagoneka pa njerwa ziwiri, nakadina pakati ndi chala mpaka kanalira.

"Opa, tawerama. Kayambira kuti kung'ambika?"

Zulayho anasuzumira. "Kunsi."

"Eya. Chinthu chikasenza katundu, pamwamba pamafinyika, kunsi kumakokeka. Konkire kufinyidwa saopa, ngakhale wopepukayu. Chimene amaopa ndi kukokedwa. Ndiye kumimba kwakeko timaikako zitsulo zonenepa, zizikokeka ndi zimenezo. Zikatero, kwezanipo ng'ombe yanu ija ngati mukufuna."

Zulayho anamva, nasunga. A Tursunboy sanamve kalikonse, chifukwa nthawi imeneyo anali atagwira dalaivala wa lole pamkono, kumuuza za chimbalangondo chimene chinawathawa.

Zikombole zamatabwa anazikhoma pabwalo pomwepo, zisanu ndi chimodzi. Isanu inali mitanda ya chipinda. Wotsalawo Zulayho anapempha yekha, woti ukhale kamlatho kake pangalande, chifukwa mlatho wa anthu onse uli kutali kumzikiti ndipo maondo ake anali atayamba kumutukwana. Pofuna kuti ntchito ifulumire, zitsulo anamanga yekha ndi waya, atakhala pansi miyendo tambalale, usta akumulozera. M'chikombole chilichonse munalowa zitsulo ziwiri zonenepa ngati chala chachikulu, kunsi kwenikweni, zitakhala pa timiyala kuti konkire azikute bwino. Pamwamba panali tiwaya chabe togwirizira. Zala zake zinachita matuza, koma chitsulo chilichonse anachidziwa pamene chagona, monga mmene amadziwira pamene anaika singano.

Timiyala tija anatithira madzi kutatsala tsiku, poti usta anati touma timamwa madzi a simenti ngati alendo a paukwati. Kutacha anasakaniza, nathira, nagwedeza ndi ndodo.

Tsono kwathu kuno konkire wa nyumba yatsopano sauma wopanda dzanja la wamkulu wa pabanja. Amanena kapemphero, n'kudinda chikhatho pamwamba pakadali pofewa. Kamodzi kokha basi, pakona. Anakawaitana a Tursunboy. Anabwera atavala mkanjo wa pa Idi, napinda mkono, nadinda pakatikati pa mtanda woyamba. Anayang'ana dzanjalo, nalikonda. Anadinda wachiwiri. Anadinda wachitatu.

"Aka, lakwana," anatero usta.

"Dalitso silikwana, Normat."

Anadinda yonse, mozama, zala zisanu tambasu. Ndipo kuyambira tsiku limenelo ndowe za ngamila zija zinasanduka mitanda yawo. Ku nyumba ya tiyi ankauza anthu kuti nzeru ya miyala yopepuka anabwera nayo ndi iwo kuchokera ku Siberia, Normat anangothandiza kupalasa.

Zulayho ankangoseka chamumtima, n'kumathirira mitanda yake m'mawa ndi madzulo, ataifunditsa ziguduli zonyowa ngati odwala malungo. Mwezi utatsala pang'ono kukwana, usta anabwera, naigogoda ndi hamala. Inalira ngwee.

"Yapsa," anatero. "Koma ine pa tsiku lokweza sindikhalapo. Mwana wanga wamkazi wachira ku Namangan, wabereka wamwamuna, ndipo ndikapanda kuonekera, apongozi anga adzandiimba mpaka kumanda. Palibe chovuta, opa. Mmene yagoneramu ndi mmene mukaigoneke. Dzanja kumwamba. Musaitembenuze."

Tsiku silikanasinthika. Hashar, dima lathu la kuno, anthu amabwera Lamlungu limene munagwirizana, ndipo sabata yotsatira aliyense anali wopita ku thonje mpaka chisanu. Likaphonyeka limeneli, chipinda palibe, ndipo mnyamata wa ku Kokand akanayamba kusita malaya.

Lamlungulo amuna anafika dzuwa lisanatenthe, ndi zingwe ndi mitengo yonyamulira. Popeza pabwalo panali podzaza mitanda, chakudya chinali chokadyera kutsidya kwa ngalande, pansanja ya pansi pa mabulosi. Kumeneko kunali kutafika kale a Gulchehra ndi azichemwali awo awiri, ati kudzapereka moni, koma maso ali pa zipupa.

A Tursunboy ankayendayenda pakati pa mitanda, manja kumbuyo. Kenaka anaima, naitana Hoshim, mnansi amene ankatsogolera onyamula.

"Hoshim, pamwamba pa mitandayi pabwera chiyani?"

"Matabwa, aka."

"Matabwa. Nanga manja angawa?"

"Akwiririka, aka."

A Tursunboy anasisita ndevu. Anayang'ana manja asanu aja, nayang'ana mpata wa geti, pomwe mudzi wonse udzadutse pa tsiku la ukwati.

"Tiitembenuza."

"Koma usta anati..."

"Usta! Normat anayamba wauonapo mlatho wa njanji? Konkire ndi konkire, alibe mimba alibe msana. Chitsulo chili mkati, kaya chili pamwamba kaya pansi, chitsulo ndi chitsulo. Komanso taonani kunsiku, kuli see, matabwa agonapo bwino. Ndipo ndikufunseni: dalitso liyang'ane kuti? Ku matabwa, kapena pa mitu ya anthu olowa m'nyumba?"

Apa amuna ena anagwedeza mitu. Mawu a dalitsowo anawakomera.

Zulayho anali pomwepo ndi ketulo ya tiyi. Anaika dzanja pachifuwa, natsitsa maso.

"Aka, pepani. Zitsulozo ndinamanga ndi ine. Zonenepa zili kunsi, pamwamba pali tiwaya chabe. Usta anati tikatembenuza..."

"Kelin," anatero a Tursunboy, kumuitana monga timaitanira mtengwa, mokoma ngati akulankhula ndi kamwana, "karoti wadulidwa?"

Amuna anaseka, ena mokakamiza. Inu mukudziwa mmene zilili. Mtengwa ndi mtengwa, ngakhale imvi zitamera, ngakhale ataika m'manda apongozi onse awiri. Pamaso pa amuna a mudzi wonse angathe kulankhula kwa mkulu wa mwamuna wake kamodzi. Kachiwiri ndi chipongwe, ndipo a Gulchehra anali kutsidyako, makutu ali tcheru, kuti aone mtundu wa nyumba imene akuperekako mwana wawo.

Anathira tiyi m'timakapu tonse, nalowa kukhitchini. Anaimbira usta, foni inangolira osayankhidwa. Anadziwa kuti ili m'thumba la jekete, jekete lili pamsomali, mwini wake akuvina.

Chimene chinkamuopsa n'choti mitandayo sikanagwa lero. Ikanakhala pamenepo bwinobwino, manja asanu akudalitsa anthu. Matabwa akanakhomedwa, a Gulchehra akanavomera, bokosi likanakwera, zofunda zikanakwera. Kenaka tsiku lina Behruz ndi mkazi wake ali m'mwamba, mwina ana a anansi akusewera pamthunzi wa geti, zonse zikanatsika pamodzi.

Kukhitchiniko kunali Mastura, mkazi wa a Tursunboy, mtengwa mnzake, mayi wathupi lodalitsika amene akakhala pansanja matabwa amapempha chikhululuko. Anali atamva zonse pawindo.

"Ine ndakhala naye zaka zonsezi," anatero akutakasa anyezi, "sindinamumvepo akuti ndalakwa. Tsiku lina anathira mchere m'tiyi, anamwa yense, ati ku Siberia amamwa choncho."

"Ndiye tisawauze, opa."

"Nanga titani?"

"Awauze ndi mtanda."

Zulayho anayang'ana pawindo, kumene kunagona mtanda wachisanu ndi chimodzi, kamlatho kake. Anauthirira mwezi wonse akulota za maondo ake. Anausisita ndi maso komaliza, nanong'oneza Mastura. Mastura anaseka mpaka anagwira khoma.

"Madzi ake ndi akuya bwanji pamenepo?" anafunsa atapuma. "Ndi chitsiru, koma ndi changa."

"M'chiuno. Pansi ndi matope okhaokha, ndinatsukapo kapeti dzana."

"Basi, tiyeni."

Zulayho anatuluka, mpango atautsitsa pamphumi, mawu ali ofewa ngati thonje.

"Aka, musanayambe zazikuluzo, tithandizeni ife amayi. Alendo ali kutsidya, chakudya chonse chiyenera kuwoloka, ndipo kuzungulira kumzikiti mpunga wathu wa osh uzizira. Mtanda uwo ndi wa pangalande. Angotiikira mmene uliri, msangamsanga."

A Tursunboy anakupiza dzanja ngati akuthamangitsa ntchentche. "Aikireni, asatisokoneze."

Amuna anayi anaukoleka pa mitengo, naunyamula.

"Iii, ndi wopepukadi," anatero Hoshim. "Wa miyala ya kumtsinje wotere tinanyamula kwa amalume, mpaka lero msana umandikumbutsa."

Awiri analowa m'madzi, naugoneka uku ndi uku pa makoma a ngalande, dzanja lili kumwamba. Pamenepo Zulayho anaitana amayi onse a kukhitchini. Sanawoloke mmodzimmodzi ayi. Anandanda pamtandapo phewa ndi phewa, kuyambira tsidya lino mpaka linalo, n'kumapatsirana zinthu. Buledi anadutsa. Mphesa zinadutsa. Mbale zinadutsa, maketulo anadutsa. Pakatikati peniyeni panaima Mastura, mapazi onse awiri. Pomaliza panadutsa chimphika chachitsulo chodzaza osh, mpunga ndi nyama ndi karoti zikufuka nthunzi, choti amuna awiri amachinyamula akutukwana. Amayi anachilandizana akukuwa ndi kuseka, Mastura nadumphako pang'ono dala.

Mtanda unangoti zii. Osalira, osawerama, osagwetsa ngakhale kafumbi.

Amuna anali atasiya tiyi, akuonerera. A Gulchehra anaimirira pansanja.

"Kamtanda koonda chonchi? Kamene ananyamula anthu anayi kaja?"

"Komweko, quda," anayankha Zulayho, kuwaitana monga timaitanira asewere athu. "Isanu ina yotere ndi imene isenze mwana wanu."

"Ntchito ya manja anga imeneyo!" anafuula a Tursunboy. "Ku Siberia..."

Ndi pomwe Zulayho anakuwa, manja kumutu.

"Kalanga ine! Opa, mwaponda chiyani?"

Mastura anayang'ana pansi, nanyamula phazi limodzi pang'onopang'ono ngati waponda mwanapiye.

"Mayo ine! Dzanja la bambo a ana anga! Ndipo ndinachokera kukhola!"

Amayi onse anabalalika pamtandapo, ena uku ena uko, akugwira pakamwa. Dzanja lija linatsala poyera, pakati pa chikhatho pali chidindo cha nsapato ya mphira ya Mastura, ndi kena kobiriwira kamene sindikatchula poti mwina mukudya.

"Tachimwa, aka," anatero Zulayho. "Mudzi wonse uzidzaponda dalitso lanu tsiku ndi tsiku? Ngakhale abulu?"

Makutu a a Tursunboy anafiira ngati makangaza.

"Ndani anaugoneka chonchi? Hoshim! Si ndanena kuti mitanda iyi ndi yotembenuza? Tembenuzani, muone mmene timachitira anthu odziwa!"

Amuna aja analowanso m'madzi, naugudubuza mosamala. Dzanja linayang'ana pansi, kudalitsa achule. Pamwamba panabwera mbali yosalala ija, yokongola ngati mbale.

"Mwaona? Si izi?"

"Zakongoladi, aka," anatero Zulayho. Anali ataima pamutu pa mtandawo, atatambasula mkono ngati akukonza mpango, koma n'cholinga choti wina asapondepo. "Tsopano ife sitingayerekeze kuwoloka inu musanawoloke. Wamkulu ndiye amayamba. Ndipo alendo akudikira mavwende."

Anawapatsa mavwende awiri aakulu, lina kukhwapa uku, lina uku.

A Tursunboy anakwera. Anayenda mwaulemu, chipewa chili chilili, mimba ikutsogolera. Akanangowoloka mwakachetechete, mwina Mulungu akanawachitira chifundo. Koma atafika pakatikati anaona kuti tsidya lino kuli anthu, tsidya linalo kuli anthu, onse akuyang'ana iwo. Munthu wotere angadutse pamenepo osalankhula? Anaima, natembenuka.

"Abale anga! Quda! Mtanda uwu ndi mwana chabe. Ife tinamanga mlatho woti sitima ziwiri zinkadutsana, pansi madzi ataundana, pamwamba mphepo yothothola ndevu. Akuluakulu a ntchito ankati, Tursunboy akapondapo n'kunena kuti zili bwino, sitima idutse. Ndinkaponda chonchi!"

Anaponda ndi chidendene. Kunsi kwa mtanda kunamveka kaphokoso, tswa, ngati munthu waswa mtedza m'chipinda china.

"Aka," anatero Hoshim, "tatsikani."

"Ukuopa? Konkire wabwino amalankhula, mphwanga. Akuti ndili pano. Tamvera!"

Anapondanso.

Mtanda sunachenjezenso. Unangoti thyo pakati, n'kupindika ngati bondo. A Tursunboy anatsika chilili, pakamwa pakadali potsegula, mawu otsatira ali m'njira. Madzi anati phuvu, kufika mpaka pansanja ya alendo.

 Mastura anathamangira m'mphepete.

"Bambo ake! Muli moyo?"

Mutu unatuluka, ndevu zili ndi ndere. Anaimirira, madzi m'chiuno, miyendo itazama m'matope. Vwende lina linali ulendo wa kumunsi, linzake likulitsata, pambuyo pake chipewa, ndipo mozungulira mimba yawo munkayandama timiyala tofiirira tambirimbiri tochoka pothyokapo.

"Ali moyo," analengeza Mastura. "Sekani."

Anthu anaseka, inu. Amuna anakhala pansi m'fumbi. Amayi anagwirana m'makosi. Mchemwali wina wa a Gulchehra anatsamwa ndi mphesa mpaka anachita kumumenya pamsana.

"Amayi aja ndi amene anaufooketsa!" anakuwa a Tursunboy. "Unali utatopa kale!"

"Utatopa?" anatero Mastura. "Unanyamula ine ndi chimphika osatsokomola. Inu mwangoupatsa mavwende awiri ndi Siberia."

Hoshim anali atatsikira m'madzi, osati kukavuula a Tursunboy, koma kukaona pothyokapo. Anaitana anzake. Zinali poyera ngati nsomba yotumbula: zitsulo ziwiri zonenepa zili pamwamba, zapindika chabe, zilibe chimene zinagwira. Kunsi, kumene kunakokeka, kunali konkire yekhayekha ndi tiwaya toduka, atang'ambika kukamwa yasa.

"Mtanda womwewu," anatero Hoshim akupukusa mutu. "Uku wanyamula khitchini yonse, uku wakanika munthu mmodzi." Anatembenukira kwa Zulayho, ndipo ulendo uno anafunsa iye. "Opa, isanu ija tiigoneke bwanji?"

Zulayho anatsitsa maso monga mtengwa wamwambo.

"Ine ndingadziwe chiyani? Afunseni aka."

Onse anayang'ana m'ngalande. A Tursunboy anayesa kuzula mwendo, matope anakana. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana kumunsi kumene chipewa chinalowera.

"Dzanja kumwamba," anatero chapansipansi.

"Sitinamve kuno kutsidya!" anakuwa a Gulchehra, akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

"Dzanja kumwamba, ndati! Dalitso liziyang'ana kwa Mulungu. Ndi mmene ndinkafunira poyamba."

"Ikani choncho," anatero a Gulchehra. "Chimene chanyamula Mastura, bokosi la mwana wanga chidzaliyesa nthenga. Quda, Lachisanu nditumiza anthu adzayeze makatani."

Zulayho anaika dzanja pachifuwa, nawerama pang'ono. Kamlatho kake kanali m'madzi, maondo ake adzazungulirabe kumzikiti, koma amuna anali atayamba kale kukoleka zingwe pa mtanda woyamba, mmene unagonera, ndipo unakwera pachipupa mopepuka ngati ukudziwa kwawo.

Anthu anawakumbukira a Tursunboy mtandawo utakhazikika. Anawaponyera chingwe, amuna atatu nakoka, matope nawalavula ndi phokoso losayenera pamaso pa alendo. Nsapato imodzi inatsala komweko. Anakhala m'mphepete akudontha, Mastura akuwapukuta m'makutu ndi chiguduli chimodzi mwa zija zofunditsa konkire.

A Gulchehra anasendera pafupi, nafunsa mokweza dala kuti tsidya zonse zimve.

"Mastura, tandiuzani zoona. Ku Siberia kuja bambowa ankamanga milatho yamtundu wanji?"

"Milatho?" Mastura anafinya chiguduli. "Anthu ankamangadi milatho kumeneko. Awa ankawasendera mbatata."

A Tursunboy anadzuka, phazi lina lili ndi nsapato, lina lili lopanda, chala chili m'mwamba.

"Koma mbatatazo ankadyera pamlatho pomwepo!"

Apa ndiye anthu anagwa nazo, moti amuna amene anali pachipupa anachita kukumbatira mtanda kuti asatsikire pansi ndi phwete.